Mitolo ya Ndiwo Yochokera ku Dimba la a Nangozo

Abale ndi alongo anga m'chikhulupiriro, makamaka inu abambo anzanga amene imvi zayamba kukuyenderani m'mutu, landirani moni wanga. Dzina langa ndine Kalisto, ndipo ndimapemphera ku mphakati wina kufupi ndi Mphunzi. Ndikufuna ndikuuzeni za khansa ya pulositeti imene ndinapezeka nayo, ndi mmene Mulungu anandidzutsira pamene ndinali nditagonja.

Tsiku limene ndinabwerako ku chipatala ndi uthengawo kunkazizira, kuzizira kwa mwezi wa Juni kumene kumalowa mpaka m'mafupa. Nkhungu inali itaphimba phiri la Chongoni, ndipo kunkagwa mawawa osanyowetsa kwenikweni koma osalekeza. Titatsika minibasi pa Chimbiya ndinaima kaye m'mbali mwa msewu. Makondakitala ankaitanira anthu a ku Lilongwe, amayi ankathamangira magalimoto ndi mabeseni a mbatatesi ndi tomato, ndipo patsidya ndinkamva mafuta akuthetheka pachiwaya. Zonse zinali monga mwa masiku onse. Mwana wanga Fabiano anandigwira mkono kuti tiwoloke msewu, chinthu chimene anali asanachitepo chibadwire.

Kuti mumvetse bwino, ndiyenera kuyambira kwa malemu akazi anga, Anastazia, amene aliyense ankawaitana kuti a Nangozo. Ndinakwatira chikamwini, ndipo ndinakhala kwawo zaka zoposa makumi atatu. Kumunsi kwa mudzi kuli kamtsinje kosaphwa, ndipo pamenepo panali dimba lawo, limene anasiyiridwa ndi amayi awo. Ine ndinkakumba ngalande ndi kuthirira, iwo ankasankha zobzala. Munali mpiru, bonongwe, nkhwani, nyemba, ndi pwetekere, tomato wamng'onoyu wowawasira. Chisoso ndi luni zinkamera zokha, ndipo iwo sankalola kuti munthu azizule. Pakhomo pathu ndiwo zinali masamba otendera ndi nsinjiro, nyemba, nthawi zina usipa. Nyama inkabwera pa Khirisimasi, pa Pasaka, kapena kukafika mlendo wolemekezeka.

Tsiku lina nditatopa ndi bonongwe ndinawafunsa kuti, "Kodi mayi, munakwatiwa ndi mbuzi?"

Anandiwonjezera chipande china m'mbale n'kunena kuti, "Ayi, bambo. Mbuzi imadya osadandaula."

Anali otero a Nangozo. Sanadwale nthawi yaitali. Ambuye atawatenga ndinatsala ngati nyumba yochotsedwa chitseko.

Itakwana nthawi ya mwambo wosudzula, pamene achibale a mkazi amamasula mwamuna wofedwa, tinakhala pamphasa kuseri kwa nyumba. Amene ankatsogolera anali alamu anga a Damiano, mchimwene wamkulu wa a Nangozo, mwini mbumba. Panalinso a Selina, mng'ono wa akazi anga. A Damiano ananena mawu oyenera, kuti ndinasunga bwino mlongo wawo ndipo tsopano ndamasuka. Inu a kuno mukudziwa kuti ngati mkamwini wakalambira pamudzi ndipo anakhala bwino ndi anthu, wina amawonjezera kuti, komabe pano ndi panu, khalani. Ndinadikira mawu amenewo. A Damiano ankayang'ana pansi. A Selina ankapotapota nsonga ya chitenje. Ine sindikanatha kupempha, pakuti mkamwini sapempha malo kwa eni ake. Sipanapite nthawi, ndinaona aganyu akutembenuza dimba lonse kuti a Damiano abzalemo mbatatesi zogulitsa. Ndinamanga zovala zanga ndi kolona ya akazi anga n'kuchoka.

Kwathu kwenikweni kunalibenso malo anga, chifukwa minda inali itagawidwa kalekale kwa ana a alongo anga. Mwana wanga wamkazi, Rozina, anakwatiwa ku Lilongwe. Ndiye Fabiano, amene ali ndi golosale pa Chimbiya, anandipatsa chipinda kuseri kwa sitolo yake.

Mwanayu amandikonda, ndipo ndikufuna zimenezi muzisunge mumtima pamene mukuwerenga zotsatirazi. Tsiku loyamba anandiuza kuti, "Bambo, mwadya masamba moyo wanu wonse. Tsopano mupumeko." Kwa iye, monga kwa ambiri a ife, masamba ndi ndiwo za umphawi, ndipo ulemu wa kholo ndi nyama. Anapangana ndi a Zuze, bambo wokazinga tchipisi ndi nyama ya nkhumba pachiwaya cha patsidya pa msewu, kuti masana alionse ndizikadya kumeneko. M'mawa unali tiyi wa mkaka ndi shuga wambiri, ndi buledi wopaka majarini. Madzulo apongozi anga a Lusiya, mkazi wa Fabiano, ankakazinga soseji kapena nyama ina. Chakumwa chotsekemera cha m'botolo sichinkasowa, pakuti chinali m'sitolo momwemo.

A Zuze akandiona ndikuwoloka ankayamba kutembenuza nyama n'kumati, "Madala, lero ndakusungirani yamafuta yokhayokha, kuti mano awiri atsalawo asavutike."

Sindinama, ndinkaimva kukoma. Khasu ndinali nditalisiya, ntchito yanga inali kukhala pakhonde la sitolo kuwerenga magalimoto. Mimba inatuluka, malaya anayamba kukana mabatani. Anthu akandiona ankati, mwanenepa bwino a Kalisto, mwana akukusungani. Fabiano akamva zimenezo ankamwetulira, inenso ndinkakondwa chifukwa cha iye.

Patapita zaka zingapo vuto linayamba pang'onopang'ono. Ndikapita kukataya madzi ndinkaima nthawi yaitali, n'kungotuluka madontho. Ndikabwerera kukakhala pansi ndinkamvanso kuti ndipite. Tulo tinasowa. Ku Misa ndinasiya mpando wanga wa kutsogolo n'kumakhala pafupi ndi khomo, kenaka ndinasiyiratu kupita, chifukwa tsiku lina ndinanyowetsa buluku Uthenga Wabwino usanathe kuwerengedwa. Munthu wamkulu sanena zinthu zoterezi kwa mwana wake, ndipo amene ndikanawauza anali kumanda.

Koma pa Chimbiya palibe chobisika, ndipo anthu obweretsa mbatatesi amanyamulanso nkhani pobwerera. Fabiano atapita ku maliro ena kumudzi kwa amayi ake anamva a Damiano, atsibweni ake enieni, akuseketsa abambo anzawo. Ankati mkamwini wathu uja wakalamba ndi chimasomaso, watola matenda kwa akazi a m'mabala a pa Chimbiya. Amayi a kusiwa nawonso anaitenga nkhaniyo. Mwanayo anabwera maso ali psu, ndipo sanafune kundiuza, koma ndinamukakamiza.

Abale anga, ine ndinadziwa mkazi mmodzi yekha moyo wanga wonse. Mawu amenewo anandipweteka kuposa matendawo, chifukwa ankadetsanso dzina la a Nangozo m'mudzi mwawo momwe. Ndinakana kupita ku chipatala. Ndinkaganiza kuti wina akandiona pamzere adzati, mwaonatu, zija n'zoona. Ndinamwa mizu imene munthu wina ankagulitsa pamsika, koma sinathandize. Ndinapitiriza choncho mpaka m'mawa wina pamene mkodzo unatsekeratu, mimba n'kuuma ngati ng'oma. Fabiano sanandifunsenso maganizo. Anapeza galimoto n'kundinyamula.

Ku chipatala anandiika paipi yotulutsira mkodzo, ndipo mpumulo umene ndinamva sindingathe kuufotokoza. Anandiyeza magazi, kenaka ananditumiza ku chipatala chachikulu ku Lilongwe, kumene anatenga kanyama kakang'ono kukayeza. Titabwerera kukamva zotsatira tinapeza dokotala wachizimayi wa msinkhu wa Rozina. Anajambula papepala n'kutionetsa kuti pulositeti ndi kachiwalo ka amuna okhaokha, kali pansi pa chikhodzodzo, ndipo njira ya mkodzo imadutsa pakati pake. Anati kanga kali ndi khansa. Anatinso si nthenda yotenga kwa mkazi, ndipo palibe amene angandipatse kapena amene ndingamupatse. Pamenepo ndinapempha kuti abwereze, kuti mwana wanga amve bwino.

Kenaka anafunsa za kadyedwe kanga. Fabiano anayankha monyadira, kutchula zonse zimene ankandidyetsa, koma ali pakati anaona nkhope ya dokotalayo n'kusiya. Anafunsa ndi mawu otsika ngati iye ndi amene wadwalitsa bambo ake. Dokotalayo anamuyankha mosamala. Anati palibe amene angaloze mbale imodzi n'kunena kuti khansa yachokera apa, pakuti zazikulu ndi ukalamba ndi kumtundu, ndipo amuna ena odya bwino amadwalanso. Koma anati kudya nyama yamafuta ndi masoseji tsiku lililonse, kunenepa kwambiri ndi kukhala osagwira ntchito, zikuoneka kuti zimawonjezera chiopsezo, makamaka chakuti nthendayo ikhale yaukali. Anandilangiza kuti ndibwerere ku masamba, nyemba, tomato, zipatso ndi nsomba, nyama ikhale ya apo ndi apo, ndipo ndiziyenda. Mankhwala anga anati ndi jakisoni wobaya pakapita miyezi ingapo, wochepetsa mphamvu imene khansayo imakulira. Ananenetsa kuti chakudya chidzathandiza thupi, koma sichidzalowa m'malo mwa jakisoniyo.

Limenelo ndilo tsiku la nkhungu lija. M'minibasi ndinkangoganiza kuti zonse zimene dokotala watchula ndi zimene a Nangozo ankandipatsa ine ndikudandaula.

Masabata otsatira anali amdima. Jakisoni woyamba anandifooketsa, ndipo thupi linkangotentha mwadzidzidzi ngakhale kunja kukuzizira. Apongozi anga anayesetsa. Ankagula repu ndi kabichi pamsewu n'kukazinga ndi mafuta ambiri monga anazolowera, koma pakhosi panga sipankadutsa kanthu. Fabiano ankandizemba chifukwa cha chisoni, ndipo ankatuma mkazi wake kudzandifunsa mmene ndadzukira. Ndinagona kuyang'ana kukhoma. Mumtima ndinali nditatsimikiza kuti ku jakisoni wachiwiri sindipita. Ndinkadzifunsa kuti ndichiriranji, popeza ndilibe munda, ndilibe mkazi, ndipo kumudzi kumene ndinakalambira dzina langa ndi lachiseko.

Kupemphera kokha sindinasiye, ngakhale kuti mawu anali atandithera. Ndinkagwira kolona ya a Nangozo n'kumangoyendetsa zala. Pemphero langa linali limodzi: Ambuye, ngati nthawi yakwana nditengeni, koma musalole kuti ndikagone pafupi ndi akazi anga ndili ndi dzina limeneli.

M'mawa wina wa tsiku la msika apongozi anga analowa ndi kadengu. Anati akapeza pakhomo, ndipo sakudziwa mwini wake. Munali chisoso, luni, bonongwe, pwetekere wofiira bwino, ndi nsinjiro zokulunga m'pepala. Anafuna kukataya poopa kuti mwina wina waikamo zoipa. Ndinawauza kuti andionetse kaye. Mitoloyo inali yomangidwa ndi luzi la nthochi, lozungulizidwa kawiri, ndi mfundo yosiya kamchira koti ukakoka mtolo umamasuka wokha. Ogulitsa pamsewu samanga choncho, iwo amang'amba majumbo. Mfundo imeneyo ndinaiona zaka zonse za ukwati wanga. Apongozi anga akale, amayi a a Nangozo, anaphunzitsa ana awo aakazi awiri kumanga motero, ndipo mwa awiriwo wamoyo anali mmodzi.

Ndinakoka kamchirako, mtolo n'kumasuka, fungo la chisoso n'kudzaza chipinda. A Lusiya anavomera kuti chisoso sanaphikepo. Ndinadzuka, ndinatenga ndodo n'kupita nawo kukhitchini, kumene ndinali ndisanalowepo. Ndinakhala pa kampando n'kumawauza zimene ndinkaona akazi anga akuchita: madzi pang'ono, masamba alowe atawira, pwetekere pamwamba, nsinjiro pomaliza, mafuta ayi. Iwo anaseka n'kunena kuti sankadziwa kuti m'nyumba muno muli mphunzitsi wa zophika. Tsiku limenelo ndinamaliza mbale. Fabiano anabwera kudzaima pakhomo kundiyang'ana ndikudya, kenaka anasamba m'manja n'kukhala pansi kudya nane.

Kadenguko kanapitiriza kubwera tsiku la msika lililonse. Mphamvu zinayamba kubwerera, ndinayamba kuyenda mpaka kutchalitchi, ndipo tsiku la jakisoni wachiwiri ndine amene ndinadzutsa Fabiano. Kenaka tsiku lina ndinalawirira kukhala pakhonde, nditafunda bulangeti. Ndinaona mayi akutsika pa njinga ya kabaza, akuyenda monyang'ama ndi kadengu m'manja. Anali a Selina.

Ndinati, "Alamu, mbava zina zimabwera kudzatenga. Inu mwayamba umbava wodzasiya?"

Anadzidzimuka, anaseka, kenaka anakhala pansi pa sitepe n'kuyamba kulira. Atatonthola anandifotokozera. Anati ngakhale dimba linatembenuzidwa, ndiwo za akulu awo zinkamerabe pakati pa mizere ya mbatatesi chaka ndi chaka. A Damiano ankati zizulidwe, koma iwo anasunga kangodya ka kunthochi n'kumakathirira. Rozina ndi amene anawaimbira foni kuwauza dzina lenileni la matenda anga ndi zimene dokotala ananena za chakudya.

Anati, "Nkhani ija inenso ndinaiseka nawo, alamu. N'chifukwa chake ndimangosiya pakhomo. Ndipo tsiku losudzula lija mawu anali pakamwa panga, koma ndinkadikira achimwene ayambe."

Ndinawauza kuti alowe amwe tiyi, pakuti kunkazizira.

Patapita milungu ingapo kunabwera a Damiano. Anati anabweretsa mbatatesi kumsika ndipo angodutsa. Tinakhala pakhonde n'kukamba za mtengo wa feteleza ndi chiwawu chimene chinagwira mbewu chaka chimenecho. Za matenda anga sanafunse. Koma ndinaona kuti ankanyamukanyamuka kupita kuseri, ndipo akapita ankakhalitsa. Pobwerera ankakhala cham'mbali, atakoka jekete kuphimba kutsogolo. Ndinazindikira, chifukwa njira imeneyo ndinaiyenda.

Ndinati, "Alamu, kuseriko mwapezako chiyani chokoma? Mukukhalitsatu."

Sanaseke. Anafunsa ndi mawu apansi kuti, "Zanuzo zinayamba bwanji?"

Ndinawafotokozera zonse, osabisa ngakhale za buluku lija la ku Misa. Iwo anandiuza kuti pamene ankandiseka ku maliro kuja, vutolo linali litawayamba kale. Ankaopa kuti anthu awazindikira, ndiye anaona kuti kuli bwino maso onse ayang'ane kwa ine. Ndinaona munthu wokalamba wamantha, amene nkhope yake inali ndi mphuno ndi maso a akazi anga.

Pa ulendo wanga wotsatira wa ku chipatala tinapita limodzi. Ndinakhala nawo pamzere, ndipo dzina lawo litaitanidwa ndinawakankha pang'ono pamsana. Mulungu ndi wachifundo, iwo anapezeka kuti pulositeti yangotupa, si khansa, ndipo anapatsidwa mapiritsi. Pobwerera m'minibasi anandigwira bondo n'kunena mawu amene ndinawadikira pamphasa paja: "Alamu, kuja ndi kwanu. Bwererani."

Sanalekere pomwepo. Lamulungu lina mapemphero a mphakati atatha, anaimirira pamaso pa abambo ndi amayi, ena mwa iwo omwe anali ku maliro kuja. Ananena kuti zimene anakamba za ine zinali zabodza, anatchula dzina la matenda anga ndi la matenda awo, ndipo anati mlongo wawo anakwatiwa ndi munthu wokhulupirika. Ine ndinali nditakhala kumbuyo, kolona ili m'thumba. Pemphero langa linayankhidwa ndi pakamwa pomwe panandipweteka.

Tsopano ndili kumudzi, m'nyumba imene tinamanga ndi a Nangozo. Theka la dimba ndi mbatatesi za a Damiano, theka linalo ndimalima ine ndi a Selina. Sindinganene kuti khansa inatha. Ndikupitirizabe jakisoni, ndipo madokotala akuti magazi akuonetsa kuti nthendayo yagona. Paipi anachotsa, mimba inaphwa, ndipo ku Misa ndinabwerera kutsogolo. Fabiano amabwera Loweruka kudzatenga ndiwo za ana ake. Ndinamuuza kuti asadziimbe mlandu, pakuti anandipatsa chimene ankadziwa kuti ndi ulemu. Ndikadutsa pa Chimbiya a Zuze amandikuwira kuti ndinawagwetsera bizinesi, ndipo ine ndimawasiyira pwetekere woti adulire makasitomala awo. Nyama ndimadyabe pa zikondwerero, kachidutswa kamodzi, ndipo imakoma kuposa kale.

Ndikuthokoza Mulungu amene sanandisiye nditayang'ana kukhoma. Ndikuthokoza madokotala, ana anga, ndi apongozi anga amene tsopano amatendera chisoso kuposa ine. Abambo anzanga, mkodzo ukayamba kuvuta musadikire kuti utseke, ndipo musaope zonena anthu. Pitani ku chipatala, mutenge ndi mnzanu. Ananu amene mukusunga makolo, chikondi chanu chisathere pa nyama yokha. Apatseni masamba ndi nyemba, ndipo musawalande khasu akadali ndi mphamvu. Inu amene mwagona kuyang'ana kukhoma lero, pitirizani kupemphera ngakhale ndi zala zokha. Thandizo langa linabwera m'kadengu, kuchokera kumene sindinkayembekezera.

Tsiku lina tikupuma pansi pa nthochi, a Damiano ndi a Selina anandifunsa ngati mumtima mwanga mulibe kanthu kotsala. Ndinali ndikumanga mtolo wa bonongwe, ndipo mfundo ija inkandikanika, mpaka a Selina anandilanda luzi n'kundionetsanso. Ndinaganiza za mphasa ija, za aganyu aja, ndi za maso a mwana wanga pobwera ku maliro. Zonsezo zinachitikadi, ndipo sindinaiwale. Koma ndinawakhululukira.